Agalu a paboda akufuna paki kapena katemera?

Abale athu amene ali pantchito ku Joni akabwera kudzaona kumudzi, nkhani sizitha pamphasa. Imodzi mwa nkhani zimene zimagwetsa anthu ndi phwete ndi ya agalu a kumeneko. Akuti galu amakwera galimoto, bwana wake n'kupita naye kumalo otchingidwa ndi waya, kukamumasula chingwe kuti athamangethamange ndi agalu anzake. Galuyo akadzithandiza, bwana yemweyo amawerama n'kuwola ndi jumbo. Ena mwa abale athuwo ntchito yawo ndi yomweyo, yoyendetsa agalu m'mawa ndi madzulo, ndipo malata amene mukuwaona pamudzipo adagulidwa ndi ndalama ya galu.

Sekani, koma musaseke kwambiri. Mchinji ikukula. Chitsegulireni nyumba yatsopano ya pachipata cha Mchinji ndi Mwami mu December 2022, pamwambo womwe padali yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo Lazarus Chakwera ndi mnzake wa ku Zambia Hakainde Hichilema, anthu ndi malonda zikungochulukira. Mipanda ya njerwa ikumera ngati bowa, ndipo kuseri kwa mipandayo kukumveka mawu a agalu akuluakulu ogula ndi ndalama. Ndiye funso likubwera: kodi nafenso tikufunika malo otchinga oti agalu azikasewerako opanda chingwe? Inu amene muli ndi galu, ndi inu amene mwana wanu amadutsa pakhomo pa galu popita kusukulu, nkhaniyi ndi yanu.

Paki ya agalu n'chiyani?

Malo oterewa adayambira ku America. Amene amatchulidwa kawirikawiri kuti ndi oyamba ndi a mumzinda wa Berkeley ku California, omwe adayamba mchaka cha 1979. Kamangidwe kake n'kosavuta: bwalo la kapinga, mpanda wa waya, ndi zitseko ziwiri zotsatizana kuti galu asapulumuke wina akamalowa. M'katimo mumakhala madzi akumwa, mabini otayamo zoipa za agalu, ndipo malo ambiri amapatula mbali ya agalu ang'onoang'ono kuti asapwetekedwe ndi zimphona.

Koma funsani chifukwa chomwe anzathuwo adamangira malo amenewa. Kumeneko anthu ambiri amakhala m'nyumba zosanjikizana zopanda bwalo. Lamulo la mzinda limati galu asaoneke pamsewu opanda chingwe, ndipo ophwanya lamuloli amalipitsidwa. Galu amakhala m'nyumba tsiku lonse, pamene iye adalengedwa kuti azithamanga ndi kununkhiza. Paki ija ndi mpata wokhawo woti aongole miyendo. Chinanso, malamulo a malo ambiri otere amati galu wolowa akhale wolembetsedwa ndi wobayitsa katemera. Mwachidule, paki ndi mankhwala a vuto la galu wotsekeredwa.

Kwathu kuno zili chadodolido

Tsopano tayendani mumsewu wa M12, kuchokera pa Kamwendo, kudutsa paboma mpaka kukafika paboda. Muwerenge agalu amene mukumane nawo, kenaka muwerenge amene ali pachingwe. Mupeza kuti kwathu kuno tauni yonse ndiyo paki ya agalu, kungoti ilibe mpanda. Agalu ali pamsika, ali kuseri kwa butchala, ali pomwe akuotcha kanyenya ndi mang'ina, ali pansi pa mathiraki amene akudikira mapepala. Usiku amayenda m'magulu, makamaka nyengo yozizira pamene amuna khumi amalondola wamkazi mmodzi. Akabaza amene amalawirira m'bandakucha amawadziwa bwino.

Ambiri timangoti agalu amenewa ndi osokera. Si zoona kwenikweni. Pamene bungwe la Mission Rabies lidawerenga agalu mumzinda wa Blantyre mchaka cha 2015, lidapeza kuti pafupifupi onse adali ndi eni ake. Galu amene mukumuona akukunkha mafupa padzala ali ndi dzina komanso pakhomo pomwe amagona. Mwini wake adangomusiya kuti adzionere yekha chakudya.

Ndiye taganizani mutatchinga bwalo lero, n'kuuza anthu kuti bweretsani agalu anu. Abwera ndani? Galu wa kumudzi alibe nazo ntchito, poti iye ufulu ali nawo kale. Abwera ndi ochepa aja a m'mipanda ya njerwa. Ndipo ngati pageti palibe wofunsa khadi la katemera, mwangosonkhanitsa agalu pamalo amodzi kuti apatsirane nkhupakupa, utitiri, mphere, njoka zam'mimba ndi matenda otsekula magazi amene amapululutsa tiana ta agalu. Onjezani apo funso la malo, mtengo wa waya, mlonda woteteza wayayo kuti asakathere kumadimba, ndi munthu wowola zoipa. Khonsolo ya boma la anthu oposa 600,000, malinga ndi kalembera wa 2018, ili ndi misika yofuna zimbudzi ndi milu ya zinyalala yofuna kuchotsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Vuto lenileni ndi chiwewe

Chimene chiyenera kukusowetsani tulo pankhani ya agalu ndi chiwewe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo muno mu Africa ndi ku Asia. Mwa anthu 100 alionse odwala chiwewe, mpaka 99 amakhala atachitenga kwa galu. Mwa anthu 10 alionse olumidwa ndi nyama yoganiziridwa chiwewe, anayi amakhala ana osakwana zaka 15. Kafukufuku amene adasindikizidwa mchaka cha 2015 adayerekeza kuti m'dziko muno chiwewe chimapha anthu pafupifupi 500 pachaka.

Kachilombo kake kamakhala m'malovu. Galu akaluma, kapena akanyambita pachilonda, kamalowa m'thupi n'kumayenda pang'onopang'ono m'minyewa kulunjika kuubongo. Ulendowu nthawi zambiri umatenga miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale utha kutenga sabata imodzi yokha kapena chaka chathunthu. Bala limapola, anthu n'kuiwala. Tsiku lina mwana amayamba kutentha thupi, kubwebweta, kuopa madzi ngakhale ali ndi ludzu, kudzidzimuka ndi kamphepo. Zizindikiro zikafika apa palibe dokotala, palibe sing'anga amene angamubweze.

Choopsa china n'chakuti chiwewe chimabisala. Madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre adasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo mchaka cha 2007. Mwa ana 133 amene adamwalira ndi matenda ogwira ubongo pazaka zitatu, 14 adapezeka kuti chidawapha ndi chiwewe. Mwa ana 26 amene poyamba ankati amwalira ndi malungo a muubongo, atatu chidali chiwewe. Ngati akatswiri a pachipatala chachikulu ankatha kusokonezeka, nanga kumudzi kuno, komwe imfa yotere timathamangira kunena kuti mwana walodzedwa? Agogo angati alozedwa chala pamaliro pomwe wolakwa adali kagalu kamene kadamukanda mwana miyezi itatu yapitayo?

Galu alibe pasipoti

Kwa ife a m'malire nkhaniyi ili ndi mbali ina. Mzere umene udagawa Malawi ndi Zambia udadula pakati pa abale. Angoni a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu ndi amodzi ndi a kwa Mpezeni. Anthu amakwatirana, amalima tsidya lino n'kukagona tsidya linalo, amapita ku Ncwala ku Mtenguleni mwezi wa February ndi ku Kulamba ku Mkaika mwezi wa August. Njira zachidule zodutsa pakati pa midzi n'zosawerengeka, ndipo m'njira zimenezi galu amatsatira mbuye wake kumunda, kumaliro ndi kuuzimba. Kumapiri a Mchinji agalu osaka atha kukumana ndi nkhandwe, zomwe nazonso zimadwala ndi kufalitsa chiwewe.

Tanthauzo lake n'lakuti mudzi wina utha kubayitsa agalu ake onse, koma ngati mudzi woyandikana nawo tsidya linalo sudabayitse, matenda abwererabe. Galu wachiwewe amatha kuyenda mtunda wautali, akuluma chilichonse chomwe wakumana nacho. Sadzaima paofesi ya zolowa ndi zotuluka kuti adinditse. Malamulo alipo mbali zonse ziwiri. Kwathu kuno tili ndi lamulo la Control and Diseases of Animals Act, lomwe limapatsa avetenale mphamvu zolamula kuti agalu onse m'dera amangidwe kukabuka chiwewe. Ku Zambia ali ndi Control of Dogs Act. Chosowa n'chakuti avetenale a ku Mchinji ndi a ku Chipata azibaya agalu a m'midzi ya m'malire nthawi imodzi, chaka ndi chaka, mafumu a mbali zonse ali patsogolo. Mutu umodzi susenza denga.

Nanunso amene mumagula tiagalu m'mbali mwa msewu ku Lilongwe kapena ku Chipata n'kutibisa m'katoni pansi pa mpando wa minibasi, dziwani kuti kuolotsa galu malire kumafuna chilolezo cha avetenale ndi umboni wa katemera. Kagalu kosadziwika komwe kachokera katha kukhala katalumidwa kale. Mwagula imfa ndi ndalama zanu, n'kukaipereka kwa ana kuti azisewera nayo.

Mpanda wosaoneka ndi maso

Nkhani yabwino ndi yakuti chiwewe chimagonja. Akatswiri amati mukabaya agalu 70 mwa 100 alionse m'dera, n'kumabwereza chaka ndi chaka, kachilomboka kamasowa podumphira mpaka kutheratu. Agalu obayidwa aja amasanduka mpanda wosaoneka ndi maso wotchinga mudzi wonse. N'chifukwa chake kungowombera kapena kuthira agalu tameki sikuthetsa vuto. Mumapha ndi obayidwa omwe, eni ake n'kukatenga tiagalu tatsopano tosabaya, mpanda uja n'kugumuka.

Izi zidachitikapo m'dziko mommuno. Mchaka cha 2015 a Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona zaziweto, adabaya agalu 35,216 mumzinda wa Blantyre pamasiku 20 okha, omwe adali pafupifupi agalu 79 mwa 100 alionse. Ntchitoyi idapitirira zaka zotsatira, ndipo chiwerengero cha ana a mumzindawo ofika ku Queens ndi chiwewe chidatsika kwambiri. Ku Lilongwe bungwe la LSPCA lakhala likugwira ntchito yonga yomweyi. Kunja kwa dziko lino, Mexico idalengezedwa ndi WHO mchaka cha 2019 kuti yathana ndi chiwewe chochokera kwa agalu, ndipo njira yake idali yomweyi ya katemera. Maiko adagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe cha galu. Zaka zatsalazi n'zowerengeka.

Kafukufuku wa ku Blantyre adaonetsanso chinthu chimene chikutibwezera kunkhani ya paki ija. Zina mwa zifukwa zikuluzikulu zimene anthu ena sankabweretsera agalu kokabayitsa zidali kutalika kwa mtunda ndi kulephera kumugwira galu wawo yemwe. Taonani, galu wanuwanu, koma simungamuveke chingwe! Apa ndi pamene azungu aja atiposa. Iwo galu wawo adazolowera chingwe ndi dzanja la munthu, ndiye akusowa pomumasulira. Ife wathu sadalaweko chingwe chibadwire.

Tisataye zonse

Komabe m'ganizo la paki muli nzeru imene tiyenera kutola. Galu amafunika kuthamanga ndi kuzolowera anthu. Ambiri a m'mipanda ya njerwa mumatsekera galu m'kakhola kamdima tsiku lonse, ena kumumanga patcheni yaifupi padzuwa, ena kumuthirira tsabola kapena chamba m'chakudya ati kuti aluse. Galu wotere sasiyanitsa wakuba ndi mwana wa neba wodzatola mpira. Tsiku limene geti idzaiwalike, mudzalipira chipatala, mwinanso kukayankha mlandu. Mlonda wabwino ndi galu wokhuta, wodziwa a pakhomo, wouwa akaona mlendo, womvera mukamuletsa.

Ndiye yankho langa ndi ili. Mchinji sikufunika paki ya agalu lero. Tsiku lina, nyumba zikadzathinana, agalu onse atalembetsedwa ndi kubayidwa, pamsewu pasakuonekanso galu woyenda yekha, ganizoli lidzakhala ndi malo ake. Panopa tikonze kapansi kuti kam'mwamba katsike. Ngati khonsolo kapena anthu akufuna kwabwino ali ndi kandalama ka waya, atchinge dzala la pamsika ndi pophera ng'ombe pomwe agalu amasonkhana, ndipo akonze malo amthunzi pafupi ndi anthu obayirapo agalu.

Inu eni galu, chitani izi

Bayitsani galu wanu chaka chilichonse, ndipo khadi lake mulisunge pamodzi ndi mabuku a kuchipatala a ana. Musadikire kuti alangizi a ziweto akupezeni. Pitani kuofesi ya zaulimi ya m'dera lanu mukafunse tsiku. Pa 28 September ndi tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse. Lidayamba mchaka cha 2007, ndipo ndi tsiku lomwe adamwalira Louis Pasteur, katswiri wa ku France amene mchaka cha 1885 adapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu pogwiritsa ntchito katemera woyamba wa chiwewe. Tiana ta agalu musatisiye kunyumba, tengani tonse avetenale akaone. Amphaka nawonso amafunika jakisoni. Zoti katemera amafoola galu kuti asamathamange kuuzimba kapena asamauwe ndi nkhambakamwa chabe.

Muzolowezeni chingwe akadali wamng'ono. Yambani ndi kansalu m'khosi, kenaka kachingwe kopepuka, mukumupatsa kachakudya. Madzulo alionse yendani naye, kapena tumani mnyamata wamkulu amene angamugwire. Paki yanu ndi imeneyo, ndipo siyilira ndalama.

Ngati mulibe mpanda wa njerwa, wa udzu, wa bango kapena wa nsungwi umakwana bola ukhale wothina pansi. Ngati n'kofunika kumumanga, kokani waya wautali pakati pa mitengo iwiri kuti chingwe chizitsetsereka, galu aziyenda, pamthunzi, madzi ali pambali. Mudyetseni. Phala la gaga losakaniza ndi tiusipa kapena soya wokazinga n'kugaya limamukhazika pakhomo. Galu wanjala palibe mpanda umene ungamuletse. Ndipo wetani agalu amene mungathe kuwadyetsa. Funsani avetenale za kufula amuna ndi kutseka aakazi, m'malo mokataya tiana kudambo.

Galu wanu akasintha khalidwe mwadzidzidzi, wofatsa n'kuyamba kulusa, kuluma mitengo ndi miyala, kutuluka dovu, mawu kusasa, kapena kungoti ndwii chibwano chili lende, musamugwire. Ambiri alumidwa akupisa dzanja m'kamwa mwa galu poganiza kuti watsamwa ndi fupa. Mutsekereni ngati mungathe popanda kudziika pangozi, chotsani ana, itanani avetenale. Ng'ombe kapena mbuzi yofa italumidwa ndi galu wotere musaisende.

Galu akaluma

Apa ndiye mumvetsetse, chifukwa moyo wa munthu uli pamphindi zoyambirira. Tsukani balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Wina azithira madzi, wina akutsuka. Sopo aliyense amene ali pafupi, ngakhale wochapira. Musamange balalo mothina, musathire dothi, mchere kapena tsabola. Zootcha ubweya wa galuyo n'kupaka pabala sizipha kachilombo.

Mukatero pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale longokandika. Bala la kumaso, m'khosi ndi kuzala ndi loopsa kwambiri chifukwa kachilombo sikachedwa kufika kuubongo. Kadziwitseninso avetenale, poti iwo ndi achipatala amagwirira limodzi ntchito pounika galu amene waluma. Katemera wa munthu sabaya kamodzi. Adzakuuzani masiku obwerera, ndipo musadumphe ngakhale limodzi. Mukapeza kuti pachipatala chaching'ono mankhwala palibe, musabwerere kunyumba kukakhala. Funsani komwe ali, gulitsani nkhuku mupeze thiransipoti. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Galu wolumayo, ngati akuoneka wabwinobwino, musathamangire kumupha. Amangidwe kwa masiku 10 avetenale akumuona. Akakhalabe wathanzi pakutha pa masikuwo, ndiye kuti malovu ake adalibe kachilombo tsiku limene adaluma. Koma inu musadikire masiku 10 amenewo musanapite kuchipatala. Ndipo inu mwini galu, musabise kapena kunama kuti adabayidwa pamene sadabayidwe. Kuopa kulipira kwanuko kutha kuphetsa mwana wa mnzanu.

Makolo, ana ambiri amabisa akalumidwa poopa kukwapulidwa. Auzeni lero kuti galu kapena mphaka akawakanda anene msanga ndipo simuwamenya. Aphunzitseni kusagenda agalu, kusaseweretsa galu amene akudya kapena woyamwitsa, ndi kuima chilili ngati mtengo, manja ali pachifuwa, galu akawathamangira. Kuthawa kumangomuputa.

Mafumu, makhansala ndi aphunzitsi, mbali yanu ndi yaikulu. Lembani agalu a m'mudzi monga mulembera mabanja. Ikani chindapusa kwa wosabayitsa. Lengezani tsiku la katemera kutchalitchi, kumzikiti, pamaliro ndi pawailesi ya Mudzi Wathu, ndipo mutumize uthenga kwa mfumu inzanu ya tsidya linalo.

Abale a ku Joni akadzabweranso ndi nkhani ya agalu okwera galimoto, mudzaseke nawo ndithu. Koma mukamaliza kuseka, mudzalowe m'nyumba mukaone deti imene ili pakhadi la galu wanu. Ngati khadilo mulibe, Lolemba likubwerali mukudziwa kolawirira.